Lekani kupopera penti pa taipilaita za agogo

Mwezi watha tinalowa mu situdiyo ina ya zithunzi m'tauni muno, n'kupeza taipilaita ili pakati pa maluwa apulasitiki, yonse yagolide. Mabatani golide, dzina golide, ngakhale labala lopindira pepala nalo golide. Mwini wake, mnyamata wa msinkhu wathu, anati anaigula kwa ogula zitsulo zakutha, n'kuipopera penti kuti izioneka ya ndalama. Titatsegula chivundikiro cha pa liboni, mkati munali mtundu wake weniweni, wobiriwira mopita ku buluu. Inali Olivetti Lettera 32, imene inayamba kupangidwa mu 1963. Zilembo zake sizimenyanso, penti inazimata.

Anzathu, uku n'kuwononga, ndipo tisanamizane kuti ndi luso.

Kabwe inamangidwa ndi mgodi ndi njanji, ndipo zonse ziwiri zinkayenda ndi mapepala. Mgodi unatsekedwa mu 1994, likulu la Zambia Railways likadali konkuno. Makalata a ntchito, a penshoni, madandaulo a antchito, zonsezi zinadutsa pa makina otere, m'manja mwa makalaliki ndi amayi otaipa amene ena ndi agogo athu. Timadandaula kuti chigaza chimene chinapezeka mu mgodi wa Broken Hill mu 1921 chili ku London mpaka lero. Kudandaula n'koyenera. Nanga zimene zatsala m'nyumba mwathu ku Bwacha, ku Chimanimani ndi ku Makululu, akuzigulitsa pa sikelo ndani? Ndife.

Mtundu wa taipilaita uli ngati NRC yake. Hermes 3000 ya ku Switzerland, ya 1958, imadziwika ndi kubiriwira kwake kotuwa. Olivetti Valentine ya 1969 anthu amaidziwa ili yofiira piriwiri, ya pulasitiki, ntchito ya Ettore Sottsass ndi Perry King. Mukapopera penti mumakwiriranso kachizindikiro ka kumbuyo konena kumene makinawo anapangidwa, ndipo Lettera 32 ina inachokera ku Ivrea ku Italy, ina ku Glasgow, ina ku Barcelona. Nambala yake, imene nthawi zambiri mumaiona mukakankhira kumbali chotengera pepala kapena mukatembenuza makinawo, ndiyo imatiuza zaka zimene anapangidwa. Nambala ikamira mu penti, tatsala ndi chitsulo chopanda dzina.

Tikudziwa yankho lake, talimva kale: "Ndi yanga, ndinagula ndi ndalama zanga, ndipo njala siidya mbiri." Zoona, ndi yanu. Koma ngakhale tikambe za ndalama zokha, mwaluza. Osonkhanitsa makina akale amafuna penti ya ku fakitale, ngakhale yokalika, ndipo yopakidwanso amaitsitsa mtengo. Wa sikelo uja sadziwa Hermes kapena Imperial ya ku Leicester, iye amangowerenga makilo. Manje inu mwagula golide wa m'chitini kuti muchepetse mtengo wa katundu wanu. Nzeru zake zili pati?

Mukaipeza pansi pa bedi la agogo, musathamangire sandipepa. Yang'anani mtundu wa mkati mwa chivundikiro ndi wa pansi, kumene dzuwa silinafike. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wochepa, fumbi muchotse ndi burashi. WD-40 isayandikire zilembo, ikauma imagwira fumbi n'kuzimata. Lembani nambala ija, ijambuleni pa foni. Ndipo agogo akadali moyo, afunseni kuti anaigula kuti, ankataipira ndani, kalata yomaliza inali ya chiyani. Zimenezi nambala singakuuzeni.

Mnyamata wa ku situdiyo uja tinamufunsa ngati ali ndi ina. Anati ilipo, yofiira, ya pulasitiki, ndipo akuganiza zoipaka siliva Khirisimasi isanafike. Loweruka tikupitanso.