Kalabu Iyesedwe ndi Nkhokwe, Osati ndi Satifiketi

Kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, makalabu ndi makopaletivu aphuka m'midzi monga bowa wa m'dzinja. Ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ngakhale ku Lundazi, munthu sayenda mtunda wautali osapeza gulu la amai kapena la acinyamata lokhala ndi dzina lokoma, wakumpando, mlembi, msungicuma ndi satifiketi yosungidwa bwino pansi pa sutukesi. Thumbalo linakweranso kufika pa K28.3 miliyoni m'caka ca 2023 ndi pa K30.6 miliyoni m'caka ca 2024. Gawo lina la ndalamazi limapita kwa magulu otere, zina monga thandizo loyambira nchito, zina monga nkhongole yobweza.

Palibe munthu wanzeru amene angadandaule kuti cuma ca dziko cafika kumudzi. Koma pali funso limodzi limene limasowa pa misonkhano yambiri: kodi magulu amenewa asintha ciani m'mudzi? Akuluakulu akaimirira kulankhula amawerenga makalabu amene alembetsedwa ndi ndalama zimene zaperekedwa, ndipo anthu amaomba m'manja. Kumeneko ndi kuwerenga mbeu zimene zalowa m'nthaka. Mlimi weniweni amayesa munda wace ndi ngolo zimene zalowa m'nkhokwe.

Dziko lino linapitamo kale m'njira imeneyi, ndipo acikulire akumbukira. M'mwezi wa Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Mtsogoleri woyamba wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, anapempha anthu kuti apange makopaletivu, nalonjeza kuti Boma lidzawathandiza. Anthu anamva. Magulu anabadwa ambirimbiri m'miyezi yocepa. Boma linkalipira mapaundi 15 pa ekala iriyonse imene gulu lazula zitsa, ndipo kwina linapereka mathirakitala ndi nkhongole. Cotsatira cace cinali cakuti ena anazula zitsa kaamba ka ndalamazo, nalandira, nasiya minda ikumeranso chire. Mathirakitala anafera pansi pa mitengo posowa wokonza, nkhongole sizinabwezedwe, ndipo pofika m'caka ca 1970, pamene panakhazikitsidwa lamulo latsopano la makopaletivu, ambiri a magulu aja anali atatsala dzina lokha. Colakwa sicinali pa maganizo ogwirira nchito pamodzi. Colakwa cinali pa muyeso: Boma linayesa maekala ozulidwa zitsa, ndipo anthu anapereka cimene Boma linali kuyesa.

Phunziro lacibwereza linadza pambuyo pace. Bungwe la Zambia Co-operative Federation linapangidwa mu 1973, ndipo pamene NAMBOARD inathetsedwa mu 1989 nchito yogula cimanga inagwera makopaletivu. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabungwe akuluakulu a m'zigawo, amene anazolowera kuyenda ndi ndalama za Boma, anagwa m'kanthawi kocepa. Kuyambira mu 2002, pamene fataleza wotsika mtengo anayamba kudzera m'magulu a alimi, kunabadwa mtundu wina wa kopaletivu umene mudzi uliwonse uudziwa: umadzuka m'nyengo yolembetsa maina, nugonanso matumba akangogawidwa. Cikhala ngati cule wa m'dambo, amene amamveka mvula ikagwa cabe.

Tsono muyeso wabwino ufunidwe kuti? Sufunika kucokera ku Lusaka, pakuti uli kale m'midzi. Amai a cilimba sasoceretsa ngwee imodzi. Aliyense adziwa amene wapereka, amene watsala, ndi amene adzalandira mwezi wamawa. Magulu osunga ndalama m'bokosi apambananso pamenepo. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ace ali ndi anthu atatu osiyana, silitsegulidwa popanda msonkhano, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Pakutha pa caka amagawana, ndipo ngakhale mai wosadziwa kulemba amadziwa ngati wapindula kapena ai. Magulu amenewa ambiri sanalandirepo kanthu kucokera ku Boma, koma mabuku ao ndi oyera kuposa a makopaletivu ena amene analandira zikwi zambiri. Cifukwa cace ncosabisika: ndalama ndi zao. Cimene cifunika ndi cakuti ndalama za CDF zisamalidwe ndi maso omwewo, popeza nazonso ndi za msonkho wa anthu, si mphatso ya phungu kapena ya khansala.

Kuyesa kalabu sikufuna maphunziro apamwamba. Kufuna buku limodzi la sukulu ndi mlembi wokhulupirika. Pa tsiku limene gulu lilandira thandizo, palembedwe mmene zinthu ziliri: mamembala ndi angati, aliyense alima malima angati, anakolola matumba angati a cimanga, a nshawa kapena a soya, ali ndi mbuzi ndi nkhuku zingati, ndiponso ndi mabanja angati amene nkhokwe zao zimatha Khirisimasi isanafike. Caka cikatha, mafunso omwewo afunsidwenso. Popanda tsamba loyambalo, wakumpando aliyense akhoza kunena kuti zinthu zayenda bwino, ndipo palibe amene angamtsutse.

Funso la nkhokwe ndilo lalikulu. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ndiyo imaulula zoona za mudzi, pamene ufa watha ndipo amuna ndi akazi amasiya minda yao kukagwira ganyu m'minda ya ena. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinali mayeso a gulu lililonse. Kalabu imene inali ndi dimba lothirira, mbuzi zogulitsa kapena kandalama kobwereketsa mamembala ace inaoneka pa nthawiyo. Imene inali ndi satifiketi yokha inaonekanso.

Pali zinanso zimene buku liyenera kuonetsa. Ngati gulu linagula cigayo, cagaya masiku angati, ndipo ndalama za mafuta ndi zokonzera ziri kuti? Ngati linalandira mbuzi zopatsirana, ndi mabanja angati amene alandira ana a mbuzizo? Ndipo mamembala ndi a mabanja angati? Kalabu ya anthu khumi imene asanu ndi atatu ndi mkazi, ana ndi alamu a wakumpando, imeneyo ndi banja limene lavala dzina la kalabu. Woyesa afunsenso amene sali m'gulumo, makamaka amasiye ndi okalamba, pakuti iwo ndiwo aona bwino ngati phindu lituluka kunja kwa mpanda.

Lamulo la makopaletivu lifuna kuti pakhale msonkhano waukulu wa mamembala caka ndi caka, ndi kuti mabuku a ndalama aunikidwe. M'magulu ambiri izi sizicitika, ndipo mamembala amaopa kufunsa kuti anganenedwe kuti ndi acipongwe kapena ansanje. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa msungicuma kuti awerenge buku si kumucha mbala. Ndi kumteteza, cifukwa msungicuma amene amawerenga poyera sanenedwa kuseri. Mafumu ndi anyakwawa, amene mau ao amamveka, angathandize kwambiri poitanitsa msonkhano wotere pabwalo kamodzi pa caka, zokolola zitalowa.

Boma nalo liri ndi mbali yace. Sikokwanira kupereka ceke ndi kujambulitsa cithunzi. Ofisala wa makopaletivu ndi mlangizi wa zaulimi afunika njinga ndi mafuta kuti abwerere kukaona gulu patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndi kuphunzitsa mlembi ndi msungicuma kalembedwe ka mabuku ndalama zisanafike, osati zitatha. Gulu limene lagwa kaamba ka cilala kapena matenda a ziweto lisiyanitsidwe ndi limene linagawana ndalama usiku. Loyambalo lifunika kulimbikitsidwa, laciwirilo lifunika kubweza.

Mapempho a CDF amadzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Makomiti amenewa ali ndi mphamvu imene sanayambe kuigwiritsa nchito mokwanira. Gulu lililonse limene linalandirapo kale, likabweranso ndi pempho laciwiri, liyambe laika buku lace pa tebulo, ndipo mamembala awiri kapena atatu amene sali m'komiti yace abwere nao kudzacitira umboni zimene zalembedwamo.