Mpira Ukafika M'manja, Yamba Waganiza

Achinyamata ena a ku Mpingwe ndi madera oyandikana ndi Limbe akalowa koleji amayamba kusewera basketball, ndipo amakapezeka pa bwalo la Blantyre Youth Centre. Makolo, masewerawa amalimbitsa mtima ndi mapapo, komanso amaphunzitsa kudziletsa. Mnyamata kapena mtsikana woponya mpira mwachisawawa amagonjetsetsa timu yake, kenako kochi amamukhazika pabenchi.

Malamulo a FIBA amapatsa timu masekondi 24 kuti iponye mpira. Woponya ali kunja kwa mzere wa mamita 6.75 akagoletsa amapeza mapointi 3, pamene wa mkati amapeza 2. Pointi yowonjezerayo ndi imene imakopa ambiri. Koma tiwerengere limodzi. Mukaponya maulendo 10 pafupi ndi ring'i, n'kulowetsa 5, mwapeza mapointi 10. Mukaponya maulendo 10 patali, n'kulowetsa 3, mwapeza 9 okha. Choncho amene sanazolowere kuponya patali amataya mapointi ngakhale anthu akumukuwira.

Musanaponye, dzifunseni mafunso atatu. Kodi pamalo pano ndimagoletsa kawirikawiri pokonzekera masewero? Kodi mapazi anga aponda bwino, ndipo wonditchinga ali patali? Kodi palibe mnzanga amene ali poyera kuposa ine? Ngati alipo, mupatsireni. Mutu umodzi susenza denga.

Yang'ananinso nthawi. Ngati kwatsala masekondi 18, palibe chothamangira, chifukwa mpira ukazungulira m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, otchinga amasokonezeka. Kukatsala masekondi 3, ponyani pomwepo, poti kuchedwa n'kupereka mpira kwa a timu inayo.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Masewero amakhala ndi zigawo zinayi za mphindi 10, ndipo mphamvu yoponyera imachokera m'miyendo. Miyendo ikatopa m'chigawo chomaliza, mpira umaperewera. Apo sunthirani pafupi ndi ring'i. Kugona mokwanira, kumwa madzi ndi kupewa mowa ndi fodya kumathandiza kuti maganizo akhalebe akuthwa thupi likatopa.

Kunyumba, mwana akabwerako kumasewero, musangomufunsa kuti wagoletsa mapointi angati. Mufunseninso kuti anzake wawapatsira kangati. Wachinyamata wophunzira kuugwira mtima mpira uli m'manja savutika kukana zina zokopa, kuphatikizapo masewero oikidwa pa tsiku la Sabata.