Khosi Lamakwinya Si Nthenda

Ku Chibavi, m'dera lina mwa madera okhala anthu ambiri mu mzinda wa Mzuzu, lamya ya m'manja yasanduka zenera loonerapo zochitika za m'maiko akutali. Mtsikana amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, namakhala akuthandiza kuluka tsitsi m'saluni ya mkulu wake podikira zotsatira, amaona pa Facebook kapena pa TikTok zithunzi ziwiri za mayi mmodzi zoikidwa pamodzi. Pa chithunzi choyamba khungu la pansi pa chibwano lili lendee, ndipo pa chachiwiri khosi lomwelo lili see ngati la namwali. Pansi pa zithunzizo pamakhala mawu okopa, onena kuti ukalamba tsopano uli ndi mankhwala. Popeza zithunzi zotere zafika kale m'manja mwa ana a sukulu, n'kofunika kuti achinyamata ndi aphunzitsi awo adziwe bwino kuti opaleshoni yokoka khungu la pakhosi ndi yotani, imadya ndalama zingati, ndiponso kuti pa dziko ngati Malawi malo ake ndi ati.

Munthu akamakula, khungu lake limataya mphamvu yake yobwerera m'malo likakokedwa. Pansi pa khungu la khosi pali mnofu wopyapyala wotambalala, umene madotolo amautcha platysma, wochokera kumtunda kwa chifuwa kukafika kunsagwada. Zaka zikamachuluka mnofu umenewu umalobodoka, m'mphepete mwake n'kumaoneka ngati zingwe ziwiri zotsika kuchokera kuchibwano, ndipo kwa ena mafuta amaunjikana pansi pa chibwanopo. Dzuwa ndi fodya zimafulumizitsa zimenezi, pamene khungu lakuda, chifukwa cha mtundu wake umene umalitchinjiriza ku dzuwa, limachedwerapo kuchita makwinya. Zonsezi ndi chilengedwe. Palibe munthu amene adafapo chifukwa khungu la pakhosi pake lidalendewera.

Pa opaleshoni yeniyeniyo, wodwala amapatsidwa mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi. Dotolo amacheka mozungulira khutu lililonse mpaka kumbuyo kumene kumayambira tsitsi, ndipo kawirikawiri amachekanso pang'ono pansi pa chibwano. Akatero amachotsa mafuta, amasoka mnofu wolobodoka uja kuti ukungike, amakokera khungu kumbuyo, nadula lotsalalo. Ntchitoyi imatenga maola awiri kapena atatu. Kwa milungu iwiri kapena kuposerapo khosi limakhala lotupa ndi lomangidwa nsalu, ndipo maonekedwe ake enieni amadziwika patapita miyezi. Ngakhale zonse zitayenda bwino, ukalamba suima. Pakapita zaka khungu limayambanso kutsika.

Zilipo njira zina zocheperapo. Amene khungu lake lidakali lolimba koma ali ndi mafuta pansi pa chibwano amatha kungopopedwa mafutawo ndi kachubu kakang'ono. M'chaka cha 2015 boma la America lidaloleza jekeseni yotchedwa Kybella, imene imasungunula mafuta a pamalo amenewa, koma munthu amayenera kubayidwa maulendo angapo. Jekeseni ya Botox imafooketsa zingwe za mnofu zija, ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi itatu kapena inayi, kotero kuti woiyamba amakhala akulipira chaka ndi chaka. Ena amalowetsedwa ulusi pansi pa khungu woti ulikokere m'mwamba, koma ulusiwo umasungunuka ndipo phindu lake silipitirira chaka chimodzi kapena ziwiri. Kawirikawiri njira ikatsika mtengo, nthawi imene imagwira ntchito imafupikanso.

Nanga mtengo wa opaleshoni yaikulu ija? Ku America malipiro a dotolo yekha amapitirira madola 5,000, osawerengera wogonetsa, chipinda cha opaleshoni, mankhwala ndi zoyeza magazi. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi, poiwerengera pa mtengo wa kubanki, imaposa K8 miliyoni. M'chaka cha 2024 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma adali K90,000 pa mwezi, kutanthauza kuti wolandira malipiro amenewo akadagwira ntchito zaka pafupifupi 8, osadya, osavala, osalipira lendi, kuti akwanitse gawo la dotolo lokhalo. Mmalawi wofuna kukachitira ku zipatala zolipiritsa za ku Johannesburg, Cape Town kapena ku India ayenera kuwonjezapo ndege, malo ogona, chakudya ndi womuperekeza. Makampani a inshulansi ya zaumoyo kawirikawiri sapereka ndalama pa opaleshoni yongofuna kukongola, chifukwa sailemba m'gulu la matenda.

Komatu ndalama si mtengo wokha umene munthu amalipira. Mpeni ukafika pakhosi pamakhala ngozi zodziwika bwino: magazi kuundana pansi pa khungu, bala kulowa mafinya, ndiponso kuvulala kwa mtsempha woyendetsa mlomo wam'munsi, kumene kumachititsa kuti pakamwa papotoke munthu akamamwetulira. Kwa anthu akhungu lakuda pali ngozi inanso yapadera. Ena mwa iwo mabala awo akamapola amasiya zipsera zofufuma zimene zimakula kupyola bala lenilenilo, monga zija zimaoneka pa makutu a atsikana ena atabooledwa ndolo. Malo amene dotolo amacheka pokoka khosi ndi omwewo a mozungulira khutu, kotero kuti munthu angathe kupita kukachotsa makwinya n'kubwerako ndi chotupa chovuta kuchiza.

Ngakhale chuma chochuluka sichitseka khomo la ngozi zotere. Mu Okotobala 2005 mayi Stella Obasanjo, mkazi wa mtsogoleri wa dziko la Nigeria wa nthawi imeneyo, adamwalira ku Spain atachitidwa opaleshoni yopopa mafuta m'thupi pa chipatala cholipiritsa, ndipo m'chaka cha 2009 bwalo la milandu la kumeneko lidapeza dotolo wake wolakwa chifukwa cha kusasamala. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zithunzi za pa lamya zimaonetsa okhawo amene zidawayendera bwino, pakuti wotsatsa malonda saonetsa amene adapunduka.

Wina angafunse kuti nkhani imeneyi ikukhudza bwanji anthu a ku Chibavi, popeza palibe amene angapeze K8 miliyoni yoti akakonzetse khosi. Yankho lake n'lakuti chilakolako chimafika ngakhale kumene ndalama sizifika, ndipo chikafika chimafunafuna njira yotsika mtengo. Apa m'pamene ochenjera amadyerapo. Amagulitsa mafuta odzola amene amati amawalitsa ndi kusalaza khungu, ndipo ambiri mwa mafuta otere muli hydroquinone, mercury kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid. Mankhwala a steroid akadzoledwa nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu, kulisiya ndi mizere ndi timitsempha toonekera kunja, pamene mercury amawononga impso. Motero mtsikana amene amathawa makwinya a zaka 60 amadziputira khungu lowonongeka asadafike zaka 30. Choopsa koposa ndi kulola kubayidwa jekeseni yosadziwika ndi munthu amene si wachipatala. Dotolo aliyense wochiza anthu m'dziko muno ayenera kukhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala ayenera kukhala ololedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Kufunsa chiphaso si mwano. Safunsa adadya phula.

Pamenepa n'koyenera kukumbukira kumene luso lamakono lokonza nkhope lidachokera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri ankabwerako atang'ambidwa nkhope ndi zipolopolo, ena opanda mphuno, ena opanda nsagwada. Dotolo Harold Gillies, mbadwa ya ku New Zealand, ankawakonza pa chipatala cha Queen's ku Sidcup, ku England, chimene chidatsegulidwa mu 1917, ndipo kumeneko amuna oposa 5,000 adathandizidwa. Cholinga chake chidali chakuti munthu wovulala athe kudya, kulankhula ndi kuyenda pakati pa anzake mopanda manyazi. Luso lomwelo ndi limene pambuyo pake lidasandutsidwa malonda a anthu olemera.

Ku Malawi kuno cholinga choyamba chija chidakalipo, ndipo makosi ofunadi dotolo alipo ambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Mzuzu chimafika pachimake, mabanja amazungulira mbaula, ndipo ana aang'ono pamodzi ndi anthu odwala khunyu ndi amene amagwera pamoto kapena kutayikiridwa ndi phala lotentha. Bala lamoto la pakhosi likapola losasamalidwa bwino, chipsera chake chimakokana mpaka chibwano kumamatira kuchifuwa. Mwana wotere sathanso kutukula mutu kuti aone pa bolodi, malovu amatuluka okha, ndipo ambiri amaleka sukulu chifukwa cha kusekedwa. Opaleshoni yomasula chipsera chotere, ndi kuikapo khungu lotengedwa pantchafu, imabwezera mwana tsogolo lake lonse. Zigawo zapadera zosamalira opsa ndi moto zili pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo kwa munthu wa kumpoto njira yopita kumeneko imayambira pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2000.

Liliponso khosi la chithokomiro, limene anthu a m'madera a mapiri a kumpoto akhala akulidziwa kuyambira kalekale. Kawirikawiri nthendayi imayamba chifukwa cha kuchepa kwa ayodini m'chakudya, ndipo chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimakulitsa vutoli. Ichi n'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 dziko lino lidakhazikitsa lamulo lakuti mchere wogulitsidwa ukhale wa ayodini. Amayi ambiri amabisa chotupa chotere ndi mpango kwa zaka, ena amapita kukatemedwa mphini, mpaka chotupacho chitayamba kutsekereza mpweya kapena chakudya. Chotupa cha pakhosi chingakhalenso chizindikiro cha chifuwa chachikulu kapena khansa, zimene zimachizika bwino zikadziwika msanga. Pa zipatala za boma kupimidwa sikulipiritsidwa. N'zomvetsa chisoni kuti mtsikana angadziwe dzina la jekeseni ya ku America koma osadziwa kuti chotupa chimene chili pakhosi pa amayi ake n'chofunika kuonedwa ndi dotolo.

Manja ogwira ntchito zimenezi ndi ochepa. M'chaka cha 2015 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet lidapeza kuti anthu 5 biliyoni pa dziko lapansi sangathe kupeza opaleshoni yodalirika pa mtengo umene angaukwanitse, ndipo lidati pa anthu 100,000 alionse pafunika akatswiri 20 a opaleshoni, ogonetsa ndi a uchembere. Potsata muyeso umenewu, mzinda wa Mzuzu wokha, umene pa kalembera wa 2018 udali ndi anthu oposa 220,000, ukadayenera kukhala ndi akatswiri otere oposa 40. Dziko lino lili kutali kwambiri ndi muyesowo, ndipo maopaleshoni ambiri a m'zipatala za m'maboma amachitidwa ndi makiliniko ofesa. Munthu wamkulu amene ali ndi chuma chake, nadziwa ngozi zake, ali ndi ufulu wochita ndi khosi lake monga afunira, ndipo palibe chomunyozera. Koma mtundu wa anthu uyenera kudziwa choyamba ndi chotsiriza, ndipo pamene madotolo ndi owerengeka chotere, mwana wopsa ndi moto ndi mayi wa chithokomiro ndiwo oyenera kukhala patsogolo.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu pa nkhani imeneyi. Pa phunziro la Bayoloje, pamene afika pa khungu ndi pa chakudya choyenera, angathe kufotokoza chimene mafuta owalitsa khungu amachita, chifukwa chimene mchere uyenera kusungidwa m'chotengera chovundikira, ndiponso kuti munthu akapsa, chithandizo choyamba ndicho kuthira madzi oyera ozizira pa balapo kwa mphindi 20, osati dzira kapena mankhwala otsukira m'mano. Angathenso kuphunzitsa ana kufunsa, akaona chithunzi chokopa pa lamya, kuti amene wachiikapo akufuna kugulitsa chiyani. Ndipo wophunzira amene amakhoza bwino masamu ndi sayansi auzidwe kuti sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa madotolo, ndi kuti dziko lake likusowa anthu odziwa kusoka khungu la opsa ndi milomo ya ana obadwa ndi mlomo wong'ambika.

Kwa achinyamata otsiriza sukulu, njira zosamalira khungu zimene zidatsimikizika sizidya ndalama zambiri: kupewa fodya, kudzitchinjiriza ku dzuwa la masana, kudya zamasamba ndi zipatso, ndi kusadzola chilichonse chosadziwika chiyambi chake. Kupitirira pamenepo, makwinya adzabwera pa nthawi yake monga adabwerera kwa agogo amene amagulitsa tomato pa msika wa Chibavi. Khosi la agogo amenewo lidasenza mitolo ya nkhuni, ndowa za madzi ndi madengu a malonda amene adalipirira ana sukulu, ndipo mdzukulu amene waphunzira bwino sangalione ngati chinthu chofunika kukonzedwa. Chimene ayenera kuyang'ana pa khosi limenelo n'chakuti kodi palibe chotupa, ndipo ngati chilipo, awaperekeze kuchipatala sabata yomweyo.