ZA MASEWERO: Mpikisano ukayandikira, thupi lipume

Anyamata ambiri a m'boma la Mecanhelas ndi akatswiri pa njinga, ena anakulira m'madzi a nyanja za Chiuta ndi Chilwa, ndipo liwiro si nkhani kwa iwo. Zinthu zitatuzi ndizo zimapanga mpikisano umene kunja amautcha triathlon. Pa mpikisano waufupi wa mtundu umenewu munthu amasambira mamita 750, n'kupalasa njinga makilomita 20, kenaka n'kuthamanga makilomita 5, zonsezi motsatizana. Triathlon inalowa m'masewero a Olympic m'chaka cha 2000 ku Sydney, komweko kumene Maria Mutola wa ku Maputo anatenga mendulo ya golide pa liwiro la mamita 800.

Akatswiri a masewero amenewa ali ndi nzeru imodzi imene ingathandize aliyense wokonzekera mpikisano, kaya wa njinga, kaya wa liwiro kusukulu. Nzeruyo ndi yochepetsa pulakatisi pamene tsiku layandikira.

Mnyamata akamva kuti mpikisano watsala ndi sabata imodzi, kawirikawiri mantha amamugwira. Amayamba kudzuka m'bandakucha n'kuthamanga mtunda woposa wa masiku onse, madzulo n'kukweranso njinga. Tsiku lenileni likafika miyendo imakhala italema, ndipo amene anali kumuopa amamupitirira pa njira. Ntchito ya miyezi itatu imathera pomwepo.

Chifukwa chake n'chakuti pulakatisi yolimba imavulaza minofu pang'onopang'ono ndiponso imamaliza chakudya chimene minofu imasunga. Mphamvu zimabwera pa nthawi yopuma, pamene thupi likukonza zowonongekazo. M'sabata yomaliza munthu sangawonjezere mphamvu zatsopano, koma angathe kuchotsa kutopa. Mphunzitsi wa osambira wa ku Australia, Forbes Carlile, ndi mmodzi wa anthu oyamba kuphunzitsa zimenezi.

Kupuma kwake sikutanthauza kugona pamphasa sabata yonse. Kwa mpikisano waufupi masiku 7 mpaka 10 ndi okwanira. Wothamanga achepetse mtunda ndi theka koma liwiro likhale lomwelo. Amene amathamanga makilomita 8 athamange 4, ndipo pakati pake aponyepo liwiro la mpikisano kwa mphindi imodzi, katatu kapena kanayi. Njinga ndi kusambira achite chimodzimodzi. Kutatsala masiku awiri apumiretu, ndipo tsiku lotsatiralo angotenthetsa thupi kwa mphindi 15.

Ntchito za pakhomo nazo ziwerengedwe. Mnyamata amene wanyamula matumba a chimanga pa njinga kupita nawo ku Entre Lagos, kapena wapalasa bwato usiku wonse, wachita pulakatisi yolemera ngakhale iye saiwerengera. Makolo amupeputsire ntchito masiku atatu omaliza. Adye nsima, mpunga kapena mbatata monga mwa masiku onse, amwe madzi okwanira, agone msanga, ndipo kachasu amuiwale. Nsapato zatsopano ndi mpando watsopano wa njinga si za kuyesa tsiku la mpikisano. Matayala, tcheni ndi mabuleki aziwone kudakali masiku.

Ambiri akachepetsa pulakatisi mtima umawavuta, amaganiza kuti anzawo akuwasiya m'mbuyo. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Wokonzekera bwino amafika pa mzere woyambira miyendo ili yopepuka, ndipo liwiro limene analisunga sabata yonse amalitulutsa pamaso pa anthu.