Zala nazo zimaona

Msuweni wanga wa kwathu ku Mulanje adasiya kuona ali ndi zaka 6. Pa bawo, ngakhale madoda amamuopa, chifukwa zala zake zimadziwa timiyala tili m'dzenje lililonse. Koma atafika kusekondale, nthawi ya phunziro la kompyuta ankamusiya panja, ati phunzirolo n'la openya. Ine ndikuti uku kudali kulakwitsa.

Kulemba pulogalamu ya kompyuta ndi kundandalika malamulo: chita ichi, bwereza kangapo, zikatere siya. Wosewera bawo amachita zomwezi. Amagawa timiyala m'maenje. Kotsiriza kakagwera podzaza amatola n'kupitiriza, kakagwera popanda kanthu amaima. Nzeru imeneyi imagwira ntchito m'mutu, ndipo zala zikhoza kuifikitsa kumeneko monga momwe maso amachitira.

Vuto lili pa zipangizo. Scratch, yomwe idatuluka ku MIT mu 2007, imafuna kuti mwana azikoka timabokosi tamitundumitundu pa sikirini. Poona izi, akatswiri a Microsoft ku Cambridge adakonza Code Jumper, tizipangizo togwirika tolumikizana ndi mawaya, kalikonse koimira lamulo limodzi. Mwana akatilumikiza bwino amamva nyimbo. Akalakwitsa amalondola ndi zala mpaka apeze podukira. Mu 2019 adaipereka ku bungwe la American Printing House for the Blind.

Ena anganene kuti zoterezi n'zodula kwa sukulu zosowa ngakhale choko. N'zoona, koma poyambira sipafuna ndalama zambiri. Zitsekerero za mabotolo, mikanda ndi tizidutswa ta nsungwi zikhoza kudindidwa timadontho ta Braille n'kutungidwa pa chingwe, chilichonse kuimira lamulo. Wophunzira akazolowera, asamukire pa kompyuta yokhala ndi NVDA, pulogalamu yaulere yomwe imawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini.

Pokhala ku Mulanje kuli sukulu yophunzitsa osaona ntchito zamanja, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi a ana aulumali, malo oyambira tili nawo kale. Ifenso ophunzira za ziyankhulo tili ndi gawo: kupeza mawu achichewa ndi achilomwe ofotokozera malamulowa, kuti mwana asamalimbane ndi Chingerezi ndi kompyuta nthawi imodzi.

Msuweni wanga sadalephere phunziro la kompyuta. Sadamulole n'kuyesa komwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho obwera pambuyo pake tisawasiyenso pakhonde.