Musagule Nyumba ndi Maso Okha

Munthu akayenda masiku ano m'mphepete mwa mizinda yathu, ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka kapena Harare, aona nyumba zambiri-mbiri zimene zinalekezera pa mazenera, zopanda denga, udzu utamera m'zipinda. Zina akuzitsatsa ndi eni ace amene ndarama zinawathera pa njira; zina akuzitsatsa ndi makampani amene alonjeza kudzazitsiriza wogula akayamba kulipira. Munthu wa pa nchito amene watopa ndi lendi wa mwezi ndi mwezi akamva mtengo wace, mtima ufuna kuthamanga.

Ife sitinena kuti kugula nyumba yotere nkulakwa. Mtengo wace ukhala wocepa koposa wa nyumba yotha, ndipo ambiri afolera cipinda cimodzi, nalowamo, natsiriza zina pang'ono-pang'ono. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linayamba m'caka ca 1964, silinathe kumangira ali yense wofuna nyumba, kotero anthu ayenera kudzithandiza okha. Koma akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tsono tipempha awerengi athu kuti asanatulutse ndarama zimene anasunga zaka zambiri, ayambe aganizira zinthu zinai.

Coyamba ndi malo. Khoma liri cabe ngati dothi limene laimapo siliri lanu. Pemphani kalata ya umwini, ndipo pitani nayo nokha ku ofesi ya Boma yoona za malo, mukaone ngati dzina la wogulitsa ndilo linalembedwa m'buku, ndiponso ngati malowo sanaikidwe cikole ku banki. Ngati ndi malo obwereka kwa Boma zaka 99, funsani zaka zimene zatsala ndi msonkho umene sunalipidwe. Ngati mwini wace anamwalira, musalandire mau a m'bale mmodzi yekha pamene mkazi wamasiye ndi ana sanabvomere. Funsaninso ku khonsolo ya mzinda ngati pulani ya nyumbayo inabvomerezedwa. Abale athu a ku Zimbabwe akumbukira caka ca 2005, pamene Boma linagwetsa nyumba zimene linati nzosaloledwa, ndipo a United Nations anawerenga kuti anthu ngati 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira nchito. Ndiponso matope ndi miyala zimene zinatsika m'phiri la Soche ndi namondwe Freddy mu Marichi 2023 zinationetsa kuti malo ena, angakhale achipe bwanji, si omangapo nyumba.

Caciwiri ndi nyumba yeni-yeniyo. Tengani mmisiri wanu, osati wa wogulitsa, akumbe pambali pa maziko, agogode njerwa, ayang'ane ming'alu ndi ciswe. Khoma limene labvumbwa dzinja zitatu lopanda denga kawiri-kawiri lifuna kuphwasula mizere ina. Mmisiriyo alembe pa pepala mtengo wa zonse zotsala: matabwa, malata, zitseko, magalasi, simenti ya pansi ndi ya m'makoma, cimbudzi, madzi ndi magetsi. Ambiri aganiza kuti khoma likafika pamwamba nchito yatha, pamene zodya ndarama kweni-kweni ziri m'tsogolo. Ndipo mitengo siima. Ku Malawi mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo amene anawerengera malata pa mtengo wakale anatsala ndi nyumba za pamtetete.

Cacitatu ndi ngongole. Banki kawiri-kawiri sibwereketsa ndarama za nyumba popanda cikole, ndipo pa nyumba yosatha imakonda kupereka pang'ono-pang'ono, itaona kuti gawo lina lamangidwa. Ciongola dzanja ciyamba tsiku limene mwalandira ndarama, si tsiku limene mwalowa m'nyumba. Ici citanthauza kuti miyezi yonse ya kumanga mudzalipira pawiri, lendi ndi ngongole, pa malipiro amodzi omwewo, ana nafunanso ndarama za sukulu. Werengani ici ndi akazi anu kapena amuna anu musanasaine. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndarama a pa nchito athandiza ambiri kugula malata; koma wopita kwa akatapila kuti afolere nyumba adzagulitsa nyumba yomweyo kuti abweze.

Cacinai cikhudza iwo ogula kwa makampani, amene alipira nyumba imene aiona pa cithunzi cokha. Ukulu wa kampani si citsimikizo. Ku China kampani ya Evergrande, imene inali pakati pa zazikulu koposa m'dzikomo, inalephera kubweza ngongole zace m'caka ca 2021, iri ndi ngongole zoposa madola 300 biliyoni. M'caka ca 2022 anthu ambiri m'mizinda ya dzikolo anakana kupitiriza kulipira mabanki cifukwa ca nyumba zosatha, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la milandu la ku Hong Kong linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Cifukwa cace musapereke ndarama zonse nthawi imodzi. Pangano lilembedwe pamaso pa loya, lichule tsiku lotsiriza nchito ndi cimene mudzabwezeredwa tsikulo likapitirira. Ndipo muzilipira gawo liri lonse litatha, maziko, khoma, denga. Pitani mukaone nyumba zina zimene kampaniyo inamanga, mukaceze ndi okhalamo.

Maboma athu nawonso ali ndi udindo. Ku South Africa lamulo la 1998 linakakamiza omanga nyumba kulembetsa ku bungwe la NHBRC, ndipo linateteza wogula zaka zisanu ngati nyumba ionongeka cifukwa ca kumanga koipa. Tikhulupira kuti maiko ena a kuno ayenera kucita cimodzi-modzi, ndi kulamula kuti ndarama za ogula zisungidwe padera kufikira nchito itaoneka.

Kufikira tsiku limenelo, mlonda wa ndarama zanu ndinu nokha. Wogulitsa amene akuumirizani kuti mulipire lero cifukwa mawa kubwera wina, msiyeni apite. Safunsa anadya phula.