CIFEFE CODZILONGA COKHA CIFUNA MWINI WOCIDZIWA

Cimanga cikayamba kukhwima m'minda ya ku Petauke, Katete, Chadiza ndi kucigwa ca Luangwa, anyani, apusi ndi nguluwe nazo zimayamba kukolola zimene sizinalime. Imeneyi ndiyo nyengo imene mfuti zogona kutsindwi miyezi yambiri zimatsitsidwa. Zambiri mwa izo ndi zifefe za mpope umodzi, zolonga cipolopolo cimodzi-cimodzi. Koma alipo alimi ocepa amene anagula, kapena analandira monga cuma ca masiye, cifefe ca mtundu wina: cija cimene cimataya cokha khoko la cipolopolo coombedwa ndi kudzilonga cina, mwini nangokokanso kacitsulo koombera.

Mfuti yotere ndi cuma ndithu, ndipo yosamalidwa bwino imatha kutumikira agogo, atate ndi mdzukulu. Koma ili ndi tizitsulo tambiri toyenda, ndipo munthu woiyesa khasu, loti likaguluka angolikhomera ndi mwala, adzaiononga kapena idzampweteka. Mwini cifefe cotere ali ndi ufulu wociyenereza pa thupi lake, ndiponso ali ndi udindo wocipukuta ndi kucidyetsa zipolopolo zoyenera. Citsulo cake cokha ndico siciyenera kukhudzidwa ndi sowo, tupa kapena moto wa wowocherera wa pamsika.

Kumene cinacokera

Kholo la zifefe zodzilonga ndi Browning Auto-5. Anaikonza mu 1898 ndi John Moses Browning, mmisiri wa ku Ogden m'dziko la America. Atalephera kumvana za malipiro ndi kampani ya Winchester, anapita nayo ku Belgium, kumene kampani ya Fabrique Nationale ya ku Herstal inayamba kuipanga kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Inapangidwa kufikira 1998, zaka zomarizira ikucokera ku Japan. Dzina lake licokera ku zipolopolo zisanu zimene imanyamula: zinayi m'kampope ka pansi, cimodzi m'cipinda ca mpope waukuru. Imadziwika ndi linunda la kumbuyo kwake, pamwamba pa pogwira dzanja.

Mfuti imeneyi imagwira nchito ndi mphamvu ya kukankha kwake komwe. Ikalira, mpope wonse umabwerera m'mbuyo pamodzi ndi citsekero cake. Sipuling'i yaikuru yokulunga kampope ka pansi imabweza mpope kutsogolo, khoko nilitayidwa, kenaka citsekero cimatsatira citanyamula cipolopolo catsopano. Kuti mpope usabwerere mwaukali, Browning anaika mphete ziwiri pa kampope kaja, ina ya mkuwa, ina ya citsulo, zogwira nchito monga mabuleki a njinga.

Mphetezi zili ndi makhalidwe awiri, ndipo apa ndi pamene eni ambiri amasocera. Pa zipolopolo zamphamvu, mphete ya citsulo imakhala kutsogolo kwa sipuling'i, itaphatikana ndi ya mkuwa kuti iifinye. Pa zipolopolo zopepuka, imasamutsidwira kumbuyo kwa sipuling'i. Woika mphete za zopepuka naombera zamphamvu adzamva mfuti ikummenya phewa koopsa, ndipo m'kupita kwa nthawi mtengo wogwira dzanja lakutsogolo udzang'aluka. Wocita mosemphanitsa adzaona khoko likukanirira, naganiza kuti mfuti yafa, cikhalirenico yangosowa woidziwa. Mafuta nawo akacuruka pa kampope kaja, mabulekiwo amaterera. Kadontho kopakidwa ndi nsanza nkokwanira.

Zifefe zina zodzilonga zimayenda ndi mpweya wa onga. Yodziwika mwa izo ndi Remington 1100, imene inaturuka mu 1963. Mpope wake uli ndi timabowo tating'ono totengera mpweya ku pisitoni, ndipo pali kamphete ka mphira kotseka mpweyawo. Timabowo tikatsekeka ndi mwaye, kapena kamphira kakaduka, mfuti imaleka kudzilonga. Za kampani ya Benelli ya ku Italy zimadalira sipuling'i yolimba ya m'citsekero. Sizida msanga, koma zimatha kukana zipolopolo zofooka. Mwini aliyense ayenera kudziwa kuti yake ndi ya mtundu uti, pakuti mankhwala a mutu sapoletsa mwendo.

Kuyenereza mfuti pa thupi

Cifefe sicicalira monga mfuti ya cipolopolo cimodzi. Diso la woombera ndilo colozera ca kumbuyo, cotero mfuti imaponya kumene tsaya ndi phewa zaikhazika. Mfuti zambiri zimaturuka m'fakitale ndi utali wa masentimita ngati 36 kucokera pa kacitsulo koombera kufikira kuthako. Muyeso umenewu sungakomere onse. Mwana wamfupi wolandira mfuti ya atate ake aatali adzaikoletsa m'khwapa poikweza, ndipo wamtali wogwira yaifupi adzadzimenya mphuno ndi cala cake cacikuru.

Kuyesa kwake nkosavuta. Mwini ayambe watsimikiza ndi maso ndi cala kuti m'cipinda ndi m'kampope ka pansi mulibe cipolopolo. Alozetse mfuti kopanda munthu, atsinzine, aikweze paphewa ndi patsaya, kenaka aphenye. Ngati aona kankhanda ka kunsonga katakhala pakati, pamwamba peni-peni pa msana wa mfuti, ndiye kuti yamuyenera. Akaona mpope wonse utatambalala, mfuti idzaponya pamwamba. Kankhanda kakabisika, idzaponya pansi. Pakati pa mphuno ndi cala cacikuru pazitsala mpata wa zala ziwiri. Ndi bwinonso kudziwa diso lolamulira: munthu aloze cinthu cakutali ndi cala, maso onse ali cipenyere, kenaka atsinzine limodzi-limodzi. Diso limene lisiya cala pamalo pake ndilo lolamulira, ndipo phewa la mbali yomweyo ndilo loyenera mfuti.

Zolakwika zotere zimakonzedwa pa mtengo. Thako lalifupi limatalikitsidwa ndi cidutswa ca mphira comangidwa ndi zomangira zake. Tsaya lotsika limakwezedwa ndi kacikopa kokulunga. Thako lalitali likhoza kufupikitsidwa, koma wodula akhale wodziwa, cifukwa m'zifefe zambiri zodzilonga muli kampope ka sipuling'i kobisika m'kati mwa mtengowo. Zifefe zina zamakono zimagulitsidwa ndi timbale toika pakati pa mtengo ndi citsulo, tokweza, kutsitsa kapena kupendeketsa thako popanda kudula kanthu.

Pomariza, mfuti iyesedwe pa cikatoni cacikuru, kumbuyo kwake kuli culu kapena mtumbira wa dothi. Amisiri amayesa pa mtunda wa mamita ngati 36, nawerenga njere zogwera m'bwalo la masentimita 76 m'mimba mwake. Mpope wofinyidwa kwambiri kunsonga umaika njere ngati 70 mwa 100 m'bwalolo. Wosafinyidwa umaika ngati 40. Cikatoni cimodzi cimaphunzitsa zimene nkhani za pamowa sizingaphunzitse.

Sowo ndi mdani wa mpope

Kufinyika kumeneko kuli m'masentimita ocepa a kunsonga. Munthu wodula mpope kuti mfuti ipepuke wataya mbali yomwe imasonkhanitsa njere. Mfutiyo idzamwaza, nyama zidzathawa ndi mabala, ndipo kankhanda kolozera kadzakhala katapita ndi cidutswa. Kukuza bowo ndi tupa kumapyapyalitsa citsulo. Kuwocherera mng'alu kumafooketsa citsulo ca pambali pake, pafupi ndi nkhope ndi dzanja la woombera. Kusewera ndi kacitsulo koombera kuti kafewe ndiko koopsa koposa pa mfuti yodzilonga, pakuti ikhoza kulira yokha pamene citsekero citseka, kapena kulira kawiri motsatizana.

Ena adzati: "Amisiri a mfuti ali kutali kumatauni, ulendo ndi wodula, ndipo wosula wa pamudzi wakhala akukonza magogodera kuyambira kale." Dandaulo la mtunda ndi loona. Koma gogodera ankadya onga wakuda, pamene cifefe camakono cimadya onga wopanda utsi, umene umapanikiza citsulo mwamphamvu kuposa wakalewo, ndipo mpope wake ndi wopyapyala, woyesedwa kufakitale ndi kudindidwa zizindikiro. Luso la wosula makasu nlolemekezeka, koma pa ng'anjo yake palibe coyesera mphamvu yotere. Ndalama ya basi imapezekanso cimanga cikagulitsidwa. Diso ndi zala sizigulidwa pa msika uli wonse.

Zipolopolo zoyenera

Pa mpope pamalembedwa kukula kwa bowo ndi utali wa cipinda. Cifefe ca nambala 12 cili ndi bowo la mamilimita ngati 18.5. Cipinda cimakhala ca mamilimita 70 kapena 76, ndipo mfuti zina zakale zili ndi ca 65. Utali wolembedwa pa bokosi la zipolopolo ndi wa khoko litatseguka. Ndiye cifukwa cake cipolopolo ca 76 cimalowa bwino-bwino m'cipinda ca 70 cisanaombedwe, koma polira cimasowa potsegukira, mphamvu niikwera mopyola muyeso. Kulowa kokha si umboni wakuti cayenera.

Ngozi ina ndi ya kusakaniza. Cipolopolo ca nambala 20 cikalowa m'cifefe ca 12 cimatsetserekera m'kati ndi kukakamira patsogolo pa cipinda. Mwini amayesa kuti sanalonge, nalonga ca 12 pambuyo pake, ndipo mpope umaphulika. M'thumba limodzi musamakhale mitundu iwiri. Makoko odzazidwanso pamudzi ndi onga wosadziwika ndi tizidutswa ta misomali ayenera kukanidwa, ngakhale operekedwa ulere ndi mbale.

Dzinja, dzimbiri ndi mavu

Cinyezi ca dzinja ndi thukuta la m'manja zimabala dzimbiri m'masiku ocepa. Mfuti ikabwera kumunda ikhuthulidwe, mpope ucotsedwe, upukutidwe ndi nsanza yoyera ndi kandodo kosakala citsulo kufikira uwale poupenyera kudzuwa. Pisitoni ndi timabowo ta mpweya zicotsedwe mwaye. Tizitsulo toyenda tipakidwe mafuta a mfuti pang'ono cabe, cifukwa ocuruka amakola fumbi la cilimwe nakhala phala. Saladi ndi mafuta a nshawa zimauma ndi kumata ngati ulimbo. Malo ake ndi m'mphika. Mafuta otsikira m'mtengo amaufewetsa ndi kuung'alula, cotero mfuti yongopakidwa kumene ndi bwino kuiimika mlomo pansi, pa thabwa louma.

Tsindwi la nyumba yophikira, thumba la pulasitiki ndi nsaru yonyowa ndi malo oipa osungiramo mfuti. Mavu ena amamanga zisa za dothi m'mabowo, ndipo mpope wa mfuti yogona amaukonda. Kacisa kotere, thope lolowa pogwa, kapena nsanza yoiwalika, nzokwanira kutupitsa kapena kung'amba mpope. Mlenje wanzeru amapenya m'mpope, mfuti ili yokhuthula, tsiku liri lonse asanaturuke.

Mwini asaiwalenso khalidwe la mfuti yodzilonga: ikangolira, ili kale yolongedwa. Wozolowera cifefe ca mpope umodzi amaiwala zimenezi pothamangira nyama yagwa. Njere zing'ono-zing'ono zimauluka kupitirira mamita 200, ndipo kuseri kwa cimanga kukhoza kukhala mwana wolondera mbalame. Kunyumba, mfuti ikhale yokhuthula ndi yokhomeredwa, zipolopolo pamalo ena, kiyi m'thumba la mwini.

Lamulo ndi zoyenera kucitika

Lamulo la Mfuti, Caputala 110 ca Malamulo a Zambia, lifuna kuti wosunga mfuti akhale ndi laisensi. Laisensi ya womwalira siisanduka ya mwana wake. Abale akanene kupolisi ndi kutsata njira yake. Laisensi ya mfuti sindiyo cilolezo cosakira nyama. Lamulo la Nyama za M'chire la 2015 linathetsa bungwe la ZAWA, nchito yake niipatsidwa ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene imapereka zilolezo zosakira. Wofuna kugula cifefe codzilonga, kapena kusintha ciri conse pa cimene ali naco, ayambe wafunsa kumeneko ndi kupolisi. Safunsa anadya phula. Njobvu ikalowa m'munda, odziwitsidwa ndi akuru a nyama, pakuti njere za cifefe zimangoivulaza, ndipo njobvu yovulala imalipsira kwa woyamba kukumana naye, kawiri-kawiri mai wopita kumadzi.

Dandaulo la kutali kwa amisiri lili ndi yankho lake. Ogulitsa mfuti azipereka malangizo a kasamalidwe m'Cinyanja, okhala ndi cithunzi ca mphete ndi mapisitoni, popeza kabuku ka Cingerezi kamathera m'sutukesi. Makhonsolo ndi apolisi a m'maboma a Kum'mawa angathe kupangana ndi mmisiri wovomerezeka kuti azifika pa Boma masiku oikika pa caka, eni mfuti nadziwitsidwa kupyolera mwa mafumu ndi nyakwawa. Alimi a dera limodzi angasonkhe ya ulendo wake, monga amasonkhera ya kubweretsa feteleza. Kufikira zimenezi zitacitika, mwini cifefe cokanirira, cong'aluka kapena colira cokha acikhuthule, acikhomere, ndipo munda aulondere ndi zitini, moto ndi agaru mpaka mmisiri ataciona.